Mfuti ya m'thumba: .380 kapena 9mm? Yankho kwa achimwene a ku South Bend

Imelo yafika kuchokera kwa achimwene ena okhala ku South Bend, m'boma la Indiana ku United States. Amaweruka usiku, ali ndi green card (chilolezo chokhazikika m'dzikolo), ndipo akufuna mfuti yaing'ono yoti aziyenda nayo m'thumba la thalauza tsiku ndi tsiku. Funso lawo: ya zipolopolo za .380 kapena za 9mm? Kumapeto awonjezera kuti poti ndi ongoyamba kumene, yaing'onong'ono ndiyo iwaphwekere.

Achimwene, mawu omalizawo ndi amene andilembetsa zonsezi, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amagwera. Mfuti yaing'ono ndi yosavuta kunyamula, koma pa mfuti zonse zam'manja ndiyo yovuta kwambiri kuwombera molondola. Chipolopolo chikamatuluka, mfuti imakankhira m'mbuyo, ndipo ikapepuka mphamvu yonseyo imathera m'dzanja lanu. Ruger LCP yoyamba, mfuti ya .380 ya mu 2008, imalemera magalamu pafupifupi 270 ilibe zipolopolo. Chogwirira chake chimakwana zala ziwiri zokha, kachala komaliza kali lende m'munsi. Mukawombera zipolopolo makumi atatu, pakati pa chala chachikulu ndi cholozera pamayamba kuwawa, dzanja n'kuphunzira kunjenjemera trigger (kachitsulo kokoka ndi chala powombera) isanathe kukokedwa, ndipo zipolopolo zimayamba kugwera pansi chakumanzere ngati mumawombera ndi dzanja lamanja. Komanso tizitsulo tiwiri toyang'anira poloza tili pafupi kwambiri, ndiye kupendekeka pang'ono kosaoneka ndi maso kumasanduka kuphonya kwenikweni pa mamita 7. Mfuti imene imakupwetekani simupita nayo kukayeserera, ndipo mfuti yosayeserera ndi ngozi kwa munthu wodutsa amene sanakulakwireni.

Tisanafike ku zipolopolo, pali nkhani ya malamulo, ndipo apa sindinyengerera. Inu green card muli nayo, choncho lamulo la dziko lonse la United States limakulolani kugula. Kwa wogulitsa wovomerezeka, mfuti yam'manja amagulitsa kwa wa zaka 21 kupita m'mwamba, mumadzaza Form 4473 ndipo amayamba afufuza mbiri yanu. Koma ambiri owerenga pano ali pa visa ya sukulu kapena yochezera. Kwa iwo lamulo lomwelo limaletsa kukhala ndi mfuti ngakhale zipolopolo, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa m'lamulomo, ndipo amene mapepala anawathera asaikhudze n'komwe. Kuyambira pa 1 July 2022, Indiana imalola munthu woyenera kuyenda ndi mfuti popanda chilolezo, koma zimenezo sizifafaniza lamulo la dziko lonse, ndiponso zimathera pa malire. Kuchoka ku South Bend kupita ku Niles ndi mphindi zochepa, koma mwalowa Michigan, komwe amafuna chilolezo cha boma limene mumakhala. Ku Chicago ngakhale chilolezo cha Indiana sichikulolani kuyenda nayo pathupi. Ku positi ofesi ndi kusukulu simulowa nayo, ndipo malo ambiri antchito amakaniza. Kwa munthu wa green card, kupezeka wolakwa pa mlandu wa mfuti ndi chifukwa chokwanira chobwezeredwa kumudzi. Ndiye katengeni chilolezo cha Indiana, ngakhale akuti n'chosakakamiza. Amaperekabe.

Tsopano zipolopolo. Ziwirizi n'zofanana kunenepa, pafupifupi mamilimita 9. Kusiyana kuli pa katini kosunga wonga: ka .380 ACP, komwe John Browning anapanga mu 1908, n'kotalika mamilimita 17, pomwe ka 9mm Luger ndi 19 ndipo kamapirira mphamvu yochuluka kwambiri. Chipolopolo cha .380 kawirikawiri chimalemera ma grain (muyeso wa kulemera kwa chipolopolo) 90 kapena 95, cha 9mm chimakhala 115, 124 kapena 147. Itachitika nkhondo yowomberana ya ku Miami pa 11 April 1986, pomwe apolisi awiri a FBI, bungwe lofufuza milandu la dziko lonse la United States, anaphedwa, bungwelo linakhazikitsa muyeso woti chipolopolo chodzitetezera chizilowa mainchesi 12 mpaka 18, kapena kuti masentimita 30 mpaka 46, mu phala lolimba loyesera lotchedwa gelatin. Zipolopolo zabwino za 9mm zamutu wobowoka, monga Federal HST ndi Speer Gold Dot, zimafutukuka n'kufikabe pa muyesowo. Za .380 mphamvu imazichepera: chikafutukuka kwambiri chimaima msanga, chikalowa mokwanira sichifutukuka kwenikweni. N'chifukwa chake pa .380 odziwa amasankha zofutukuka pang'ono ngati za mutu wa Hornady XTP kapena Federal Hydra-Shok Deep. Musagule za .380 zolembedwa +P, kutanthauza zamphamvu yowonjezera; palibe muyeso wovomerezeka wa zimenezo, ndipo Ruger amakaniza kuziika mu LCP.

Pa pepala 9mm yapambana, ndipo ndi yotchipa kuposa .380, zomwe zikutanthauza kuyeserera kwambiri pa ndalama zomwezo. Koma mikangano ya pa intaneti yoti .380 ndi choseweretsa imandinyansa. Zonse ziwiri zimapha. Chimene chimaimitsa woukira ndi pomwe chipolopolo chamenya, ndipo zipolopolo ziwiri za .380 zofika pamalo zimaposa zisanu za 9mm zopita mumsewu. Vuto lenileni la 9mm ndi kulemera. SIG Sauer P365, yomwe inatuluka mu 2018 ndi magazini ya zipolopolo 10, imalemera pafupifupi theka la kilogalamu isanadzazidwe. M'thumba la jini imaoneka, imakoka thalauza mbali imodzi, ndipo dzanja likaifumbata nthawi zambiri chibakeracho chimakanika kutuluka pakamwa pa thumba. Malo ake enieni ndi m'chiuno, pa lamba wolimba.

Volovolo ya mtundu wa gudumu musaiiwale. Smith & Wesson 642 imatenga zipolopolo zisanu za .38 Special, imalemera magalamu 400 ndi pang'ono, hamala yake (kachitsulo kakumbuyo komenya kuti mfuti ilire) ndi yobisika kotero siikodwa pa nsalu, ndipo fumbi la m'thumba imalipirira bwino. Koma trigger yake ndi yaitali ndi yolimba, makilogalamu oposa asanu, pa mfuti yosafika theka la kilogalamu. Kuikoka mosalala osagwedeza mpope kumafuna miyezi yoyeserera yopanda zipolopolo. Anthu amakonda kugulira akazi awo mtundu uwu akuti ndi wosavuta, n'kuthera m'dirowa atawombera kamodzi. Amene waisankha ayambe ndi zipolopolo zofewa zamutu wathyathyathya zotchedwa wadcutter, za ma grain 148.

Za holster

Mfuti siilowa m'thumba yokha, ngakhale tsiku limodzi. Imalowa mu holster (kachikwama kosungira mfuti) ya m'thumba yopangidwira mtundu womwewo, yophimba trigger mbali zonse, yolimba moti simungaidine kuchokera kunja, yakunja kokhakhala kapena yokhala ndi kambedza kokola pakona pa thumba kuti mfuti ikatuluka holster itsale. Thumba limenelo ndi la mfuti yokha. Makiyi, ndalama zachitsulo, cholembera, zonse zipite kwina, chifukwa kiyi ikalowa pa trigger mfuti imalira, ndipo mukakhala pansi mpope umakhala ukuloza amene wakhala moyang'anizana nanu. Pobwezera, tulutsani holster, lowetsani mfuti chala chili kutali, kenako ikani zonse pamodzi m'thumba. Dziwaninso kuti mutakhala m'galimoto lamba atamangidwa, thumba lakutsogolo simulifikira. Ubwino wake ndi umodzi waukulu: mukuyenda pa malo oimika magalimoto usiku, dzanja likhoza kukhala pa chogwirira popanda wina kuzindikira.

Zimene zimalakwika ndi zodziwika. Tiulusi ta nsalu timaunjikana mumpope ndi kuseri kwa slide (chitsulo chapamwamba chobwerera m'mbuyo mfuti ikalira), ndiye sabata iliyonse muitsitse zipolopolo, muipukute, muthire kadontho ka mafuta pa njanji zake. Kabatani ka magazini kamadinika mukatsamira tebulo, magazini n'kutsika pang'ono, mfuti n'kuwombera kamodzi kokha. M'mawa uliwonse muziikankha ndi chala kuti mutsimikize. Dzanja likakhala lofewa pa mfundo, slide siibwerera mokwanira ndipo katini kopanda kanthu kamapanika pakamwa: gwirani mwamphamvu, mfundo itaumitsidwa. Chipolopolo chimodzi chikamalowetsedwa ndi kutulutsidwa mobwerezabwereza, mutu wake umamira mkati, mphamvu yophulika n'kukwera moopsa. Chikaoneka chachifupi kuposa zinzake, chichotseni. Ndipo thalauza lovula madzulo n'kuliponya pampando ndi pomwe mwana amaipeza. Gulani kabokosi kachitsulo kokhoma tsiku lomwelo logula mfuti. Ku United States imfa zoposa theka za mfuti ndi za anthu odzipha okha, choncho ngati m'nyumba muli wina amene akuvutika maganizo, kapena mkangano wa m'banja wafika poipa, mfuti iyambe yachoka m'nyumbamo. Mukamwa mowa, imatsala m'bokosi.

Yankho lanu ndi ili. Pitani kumalo oyeserera kumene amabwereketsa mfuti, mulipire phunziro la oyamba kumene, muwombere zipolopolo 50 pa iliyonse mwa izi: Glock 42, Ruger LCP Max, Smith & Wesson Bodyguard 2.0 (zitatuzi ndi za .380) ndi P365 ya 9mm. Ikani mbale yapepala pa mamita 5, kenako 7. Ngati ndi m'thumba basi, tengani ya .380 imene zipolopolo zake zonse zagwera m'mbalemo. Kwa ongoyamba nthawi zambiri imakhala Glock 42, chifukwa ndi yokulirapo ndipo imakankha mofewa, ngakhale magazini yake imatenga zisanu ndi chimodzi zokha. Ngati mungalole kuvala holster ya m'chiuno, tengani ya 9mm. Musanayambe kuyenda nayo, iwombere zipolopolo 200 zoyeserera ndi 50 za mtundu umene mudzayende nawo popanda kupanika, ndipo mupite kukagula mutavala thalauza lomwe mumavala ku ntchito kuti muone ngati dzanja likutuluka.