Mwana akufuna chip ya voliyumu: ndi masewera kapena sukulu?

Mayi wina wa ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg, wafunsa za mnyamata wawo wa Grade 9, yemwe akupempha ndalama yogulira chip (kachipangizo ka zamagetsi) yotchedwa PT2314 kuti azikweza ndi kutsitsa mawu a amplifier ndi mabatani. Nkhawa yawo ndi yoti mwina akungotaya nthawi.

Mayi, mugulireni. Kachipangizo aka kamaphunzitsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: kulumikiza dera (circuit, njira yoyendamo magetsi) la mawu ndi kulemba pulogalamu. Kamasintha voliyumu pang'onopang'ono, 1.25 dB (muyeso wa kukula kwa mawu) ulendo uliwonse, ndipo bass ndi treble zimakwera kapena kutsika mpaka 14 dB. Malamulo kamalandira kuchokera ku Arduino (kakompyuta kakang'ono komwe amalembamo pulogalamu) kudzera pa mawaya awiri a I2C, njira yomwe ma chip amalankhulirana: waya wa SDA pa mwendo wa A4, wa SCL pa A5 ngati Arduino yake ndi ya mtundu wa Uno. Pa waya uliwonse aike resistor ya 4.7k yopita ku 5 V. Chip payokha imafuna 9 V.

Ambiri amakodwa pa adiresi, nambala yomwe Arduino imaitanira chip. Datasheet (chikalata chofotokoza chip) imalemba 0x88, koma Wire library (pulogalamu ya Arduino yoyendetsa I2C) imafuna 0x44. Akalemba 0x88 sipika imangoti zii, mwana n'kumaganiza kuti wawotcha chip pamene ili bwinobwino. Kukamveka kung'ung'uza kosalekeza, ayang'ane ground (waya wa 0 V): ya mawu ndi ya digito zikumane pamalo amodzi okha, ndipo capacitor ya 100 nF ikhale pafupi kwambiri ndi mwendo wolowera magetsi. Magetsi akathima chip imaiwala zonse, choncho asunge voliyumu mu EEPROM ya Arduino (malo osungira zinthu omwe saiwala magetsi akathima), koma osati nthawi iliyonse akadina batani, chifukwa EEPROM imatopa ikalembedwa ka 100 000. Chonde, 230 V ya pakhoma asaikhudze. Agwiritse ntchito adaputala yogula kale.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chaka chimene alimo. Kumapeto kwa Grade 9 ndi pomwe amasankha maphunziro a Grade 10. Atenge Mathematics ndi Physical Sciences, chifukwa Mathematical Literacy simulowetsa ku uinjiniya pa mayunivesite a UJ (University of Johannesburg) kapena Wits. Kusukulu zaukadaulo kuli Electrical Technology, momwe angasankhe Electronics kapena Digital Systems. Njira ina ndi NCV (satifiketi ya maphunziro a ntchito zamanja) pa Central Johannesburg TVET College, yomwe amayamba akatsiriza Grade 9.

Mumugulirenso kope. Azijambulamo dera lililonse, n'kulemba chimene chinavuta ndi momwe anachikonzera, kuti akamadzafunsira malo ophunzirira ntchito adzakhale ndi choonetsa.