Zojambula za madiresi akale zimasonyeza zimene wopanga ankafuna, osati zonse zimene amayi ankavala

Achemwali, mwafunsa ngati mungadalire zojambula pamanja za madiresi a m'ma 1930 mpaka 1950 zimene mwapeza pa intaneti pofuna kudziwa mavalidwe a amayi a nthawiyo. Zidalireni pa zimene wopanga diresi ankalakalaka, koma pa zimene amayi ankavaladi pamsewu, zokhazo sizikwanira.

Muyambe mwafufuza kuti chojambulacho anajambulira yani. Pali zimene mwini sitayilo ankangokhwatcha akuganiza. Pali zopita kwa osoka, zokhala ndi nambala, nyengo ya chaka, ndi kachidutswa ka nsalu kobayidwa ndi pini pakona. Ndiye pali za m'magazini, zokopa ogula. Zomalizazi ndiye zokongola koposa, komanso ndi zimene zimasocheretsa anthu. Magazini ya ku Paris ya Gazette du Bon Ton, yomwe inkatuluka kuyambira 1912 mpaka 1925, inkaikamo ndi madiresi ena ongopekedwa ndi ojambula ake. Thupinso amalikoka dala: munthu weniweni kutalika kwake ndi mitu pafupifupi 7 ndi theka, koma wa pa pepala amafika mitu 9. Mukayeza siketi pa thupi lotere, muona ngati inali yaitali kuposa mmene inalili.

Ine ndimakonda zokhala ndi kachidutswa ka nsalu zija, chifukwa zimakuuzani ngati inali silika, thonje kapena ya ubweya, ndiye mumadziwa mmene inkagwera pathupi. Victoria and Albert Museum ku London imasunga mabuku a zojambula za madiresi za makampani osoka a ku Paris a Worth ndi Paquin. Metropolitan Museum ku New York ili ndi za sitolo ya Bergdorf Goodman, imene inkagula masitayilo ku Paris n'kumasokera makasitomala ake, ndipo New York Public Library inaika pa intaneti za André Studios za m'ma 1930. Tengani kumeneko, osati pa Pinterest pamene chithunzi chimayenda chopanda chaka ndi dzina.

Taonani za 1947. Pa 12 February chaka chimenecho Christian Dior, wopanga masitayilo wa ku Paris, anaonetsa zovala zake zoyamba: mapewa ogwa, chiuno chothina, siketi yotambalala yofika pakati pa katumba. Mukangoona zojambulazo mungati amayi onse a ku Ulaya anasintha tsiku lomwelo. Ayi ndithu. Ku Britain zovala zinkagulidwa ndi makuponi kuyambira 1941 mpaka 1949, ndipo malamulo a 1942 ankaika malire pa matumba, mabatani ndi mapindidwe a siketi pofuna kupulumutsa nsalu pa nkhondo. Mayi wamba wa ku Manchester mu 1947 anali adakali mu siketi yofika m'mawondo ndi jekete ya mapewa otukuka, mwinanso yophwasulidwa n'kusokedwanso. Siketi ya Dior inkadya nsalu yochuluka moti ambiri sakanaipeza. Choncho chaka cha pa chojambula ndi chaka chimene sitayilo inabadwa. Kufika kwa anthu wamba kunkatenga nthawi.

Chinanso, pepala silionetsa m'kati. Chiuno cha Dior chija chinkaumbidwa ndi zolimbitsa ndi zotukusa zosokeredwa m'kati, pamodzi ndi pitikoti. Madeleine Vionnet, amene anatchuka ndi kudula nsalu mopingasa kuti ikakamire thupi popanda zomangira, ankayesa nsalu pa kachidole m'malo moyambira pa pepala, ndipo madiresi ake ankawajambula ndi kamera kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali pofuna kugwira omubera masitayilo. Zithunzi zimenezo zingaphunzitse telala zambiri kuposa chojambula pamanja chilichonse, chifukwa msoko uliwonse umaoneka pamene wadutsa.

Ngati mukufuna za amayi wamba, funani maenvelopu a mapatani osokera kunyumba a Butterick, McCall's ndi Simplicity. Kumbuyo kwake kumakhala diresi lomwelo litajambulidwa mosakometsa, zidutswa zake, ndi kuchuluka kwa nsalu yofunika. University of Rhode Island ili ndi nkhokwe yaikulu ya mapatani amenewa yotchedwa Commercial Pattern Archive.

Mwanenanso kuti mukufuna kuyerekeza ndi zithunzi za agogo anu. Apa musamale kwambiri. Chitenje, duku ndi diresi losokedwa pakhonde la sitolo simudzazipeza m'madirowa a ku Paris. Ndipo mukadzafika zaka za m'ma 1960 ndi 1970, zojambula za ku London zadzaza masiketi aafupi a Mary Quant, pamene kwathu lamulo la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi oonetsa mawondo mpaka 1993. Zojambula za kunjazo zikuthandizani kuzindikira kolala, mkono kapena malo a zipi, koma chaka muchipeze kwina: tembenuzani chithunzi muone chidindo cha situdiyo, pitani ku National Archives ku Zomba kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre, ndipo mufunse agogowo kuti nsalu anaigula kuti, anasoka ndani, ndi kuti linali la mwambo wanji.