Kwa achimwene amene apongozi awo awasiyira mfuti ya Winchester

Achimwene, choyamba pepani ndi maliro a apongozi. Mwafunsa kuti muyambire pati ndi mfuti imene akusiyirani, ya leva pansi, yolembedwa Winchester Model 94 ndi 30 W.C.F., poti chibadwire simunagwirepo mfuti. Ena amene akuyankhani kale akuti mukangoiyesa kuthengo, ena akuti muigulitse. Ine yanga inabweranso chomwecho, itakulungidwa m'bulangeti, kuchokera kwa amalume awo a mayi a kunyumba, ndiye ndiloleni nditalikitseko.

Musanaikhudze n'komwe, yang'anani mapepala anu. Kuno ku America nzika ndi munthu wa green card amaloledwa kukhala ndi mfuti ngati alibe milandu yomuletsa. Amene analowa ndi visa ya sukulu kapena ya ntchito saloledwa, kupatula pa zifukwa zowerengeka, monga kukhala ndi laisensi yosakira nyama. Wopanda mapepala ndiye asayerekeze, mlandu wake ungamutayitse zonse zimene anabwerera kuno. State iliyonse ilinso ndi malamulo ake, a ku New York kapena California si a ku Indiana. Funsani loya amene akuyendetsa za chuma chamasiyecho, kapena sitolo ya mfuti yovomerezeka. Zoti mudzaiponya m'sutikesi popita ku Lilongwe ziiwaleni, zimenezo zimafuna zilolezo mbali zonse ziwiri.

Tsono chachikulu ndi ichi. Muitenge ngati ili ndi zipolopolo mpaka maso anu ataona kuti mulibe. Mfuti imeneyi ilibe magazini yosolola. Zipolopolo zimalowera pakachitseko ka kudzanja lamanja n'kundandalikana m'kampope kamene kali pansi pa mpope waukulu, ndipo kunja simungazione. Kuti zituluke muyenera kukankha leva pansi n'kuibweza, mobwerezabwereza, ndipo chilichonse chimayamba chalowa pamalo ophulikira, hamala (kachitsulo kakumbuyo kamene kamamenya kuti chipolopolo chiphulike) ili chikokere, chisanatuluke. Chala chikangosochera pa trigger, kachitsulo kokoka poombera, basi yalira. Choncho ilozetseni kumene kulibe munthu, kumbukirani kuti makoma a nyumba zakunozi chipolopolo chimaboola ngati katoni, ndipo chala chikhale kutali.

Ine tsiku loyamba ndinakankha leva katatu, palibe chinatuluka, ndinati yayera. Mnzanga wa kuntchito amene amasaka nyama anaitenga, n'kuimenya pang'ono ndi chikhatho m'mbali mwa kampopeko. Tinangomva kuti khwe! Atakankhanso leva, chipolopolo chobiriwira ndi ukalamba chinagwera pa kapeti. Mafuta akale anali atauma n'kugwira sipuling'i. Mawondo anandilobodoka. Kuyambira pamenepo ndimatsegula leva, kuwalitsa tochi, kuona kuti kumayambiriro kwa mpope kuli mbee, n'kuonanso kachitsulo kamene kamakankha zipolopolo m'kampopeko. Ngati mukuchita mantha, musachite manyazi, itanani wodziwa achite pamaso panu.

Mfuti yanuyo ili ndi mbiri. Anaikonza ndi John Browning, inatuluka mu 1894, ndipo zoposa 7 miliyoni zinapangidwa. Fakitale yake ya ku New Haven, Connecticut, inatsekedwa mu 2006. Chilembo cha 30 W.C.F. chisakuzunguzeni, ndi dzina lakale la chipolopolo chimene m'sitolo mudzachipeza cholembedwa .30-30 Winchester, chimene chinayamba mu 1895. Itembenuzeni muwerenge nambala ili pansi, patsogolo pa leva. Ikakhala yosafika 2,700,000 ndiye kuti ndi ya chisanafike chaka cha 1964, pamene kampaniyo inasintha kapangidwe pofuna kuchepetsa ndalama, ndipo zakalezo ndi zimene anthu amazilimbirana. Apa ndikupempheni: sandipepa ndi vanishi zisayandikire. Ife tinazolowera kuti chinthu chakale tichikwechese chiwale, koma pa mfuti ngati iyi kukwecha n'kuigwetsa mtengo. Pamene chitsulo chinayererapo, pamalo onyamulira, ndi dzanja la apongozi anu linachita zimenezo. Kansalu ka mafuta a mfuti n'kokwanira.

Musanaombe ngakhale kamodzi, ipititseni kwa mmisiri wa mfuti. Aone dzimbiri m'mpope, aone ngati chitsulo chotsekera kumbuyo chikukhala bwino, ndi ngati mtengo wotsamira paphewa sunang'aluke. Mumufunsenso akuonetseni za hamala. Zakalezi zilibe batani lotchingira ngozi, Winchester anadzaliika cha mu 1992. Zimene zilipo ndi kukokera hamala pakatikati, pamene imakodwa. Kuitsitsa kuchoka kumbuyo kufika pakatipo, chipolopolo chili m'kati, kumafuna kukoka trigger chala chachikulu chitagwira hamala, ndipo m'nyengo yozizira, zala zitauma kapena mutavala magolovesi, ndi pamene anthu amapulumutsa n'kuphulitsa. Yesererani kambirimbiri mfuti ili yopanda kanthu. Ine ndinangosankha kusalowetsa chipolopolo pamalo ophulikira kufikira nthawi yoombera yakwana.

Za zipolopolo. Zimene mwapeza m'kabati ya apongozi, makamaka zokhala m'chitini kapena m'bokosi lolembedwa pamanja, musaziombe. Azibambo ambiri akuno amadzaza okha wonga m'makoko a zipolopolo zoombedwa kale, ndipo muyezo wake anapita nawo kumanda. Mwinanso mwasakanikira za .32 Winchester Special, zimene ukangoziona zimafanana kwambiri ndi .30-30. Gulani zatsopano, za 150 kapena 170 grain (muyezo wa kulemera kwa mutu wa chipolopolo), zamutu wafulati kapena wobulungira. Chifukwa chake n'chakuti m'kampope muja mutu wa china umatsamira kumbuyo kwa chinzake, penipeni poyatsira wonga. Mutu wosongoka wolimba ukhoza kuphulitsa cha patsogolo mfuti ikagwedezeka. Zosongoka zololedwa ndi za nsonga yofewa ngati labala, monga LEVERevolution za Hornady, zimene zinapangidwira mfuti zoterezi.

Kokayesera pitani kubwalo loomberako mfuti, osati kuseri kwa nyumba, ndipo tsiku loyamba lipirani mphunzitsi. Zotseka m'makutu ndi magalasi musasiye. Yambani pafupi, mayadi 25, chipolopolo chimodzi chimodzi. Leva muziikankha mwamphamvu mpaka kumapeto n'kuibweza, mukamainyengerera ndi pamene imakodwa. Muziifinyanso bwino potseka, apo ayi trigger sigwira, ndipo musaganize kuti yawonongeka, anaipanga dala choncho. Kumenya kwake paphewa n'kwapakatikati, si zija tinkamva za gogodera wa alenje akumudzi. Makoko otentha amatulukira pamwamba, valani chipewa ndi malaya otseka pakhosi. Langa lina linalowa m'kolala, ndinavina beni pamaso pa azungu.

Kutulukira pamwambako ndi chifukwa chakenso galasi loyang'anira patali silikhala bwino pa zopangidwa chisanafike chaka cha 1982. Wina akakuuzani kuti aiboole aikepo galasi, kanani. Mfuti iyi ndi ya agwape m'nkhalango, mayadi 100 mpaka 150, ndipo timaso take tachitsulo timakwanira. Mukadzafuna kusaka, chitani kaye kosi ya alenje ya state yanu n'kuwerenga malamulo a chaka chimenecho. Ku Ohio mwachitsanzo .30-30 saloleza posaka agwape, chifukwa khoko lake ndi lakhosi ngati botolo, iwo amafuna lowongoka.

Mwatchula kuti muli ndi ana awiri. Lero lomwe, pamene mukudikira zonsezi, gulani loko ya chingwe, muilowetse leva ili chitsegukire, ndipo zipolopolo muzitsekere kwina. Kabati yachitsulo itsatire mwezi uno. Chikwama cha nsalu chimene yabweramocho musasungiremo, chimasunga chinyezi. Mukatumiza chithunzi cha nambala ija kuti tikuuzeni chaka, bisani manambala atatu omalizira.