Yoyo yanga yachitsulo ikukana kubwerera m'dzanja, kodi ndi yakufa?

Wowerenga wina watitumizira imelo. Akuti anagula yoyo ya aluminiyamu kuti azisewera akaweruka, koma akaiponya imangozungulira pansi, ndipo ngakhale akoke dzanja chotani siibwera. Chingwe nachonso chikungopotana. Akufunsa ngati anamugulitsa yowonongeka, komanso kuti woyamba kumene ayambire pati kuti asagwe ulesi.

Yoyo yanuyo ndi yabwinobwino. Mwagula mtundu wa unresponsive, umene anaupanga dala kuti usamabwere mukakoka. Mtundu winawo ndi responsive, wobwera mukangogwedeza dzanja. Kusiyana kwake kuli mu mpata wa pakati pa mbali ziwiri za yoyo. M'yoyo yamakono muli ekiselo, pa ekiselo pali bering'i, ndipo mbali zonse za bering'iyo kuli timphira tozungulira ta silikoni. Timphirati ndi tomwe timagwira chingwe kuti chikulungike. Mu responsive mpata ndi wopapatiza, choncho chingwe chikangokhwefuka chimakhudza timphira, yoyo n'kukwera. Mu unresponsive bering'i ndi yotakata, yambiri ndi ya saizi C, ndipo chingwe chimodzi chokha sichikwanira kuti timphira tichigwire. Pamafunika kulowetsamo chingwe chowonjezera, njira imene osewera amaitcha bind.

Musanafike ku bind, malangizo athu ndi akuti muiike kaye pambali yachitsuloyo, mupeze responsive ya pulasitiki. Yang'ananinso m'bokosi lomwe inabweramo, poti ena amaikamo bering'i yachiwiri yopyapyala yomwe imasandutsa yoyo kukhala responsive. Chifukwa chake n'chosavuta. Bind imafuna yoyo yozungulira mwamphamvu ndiponso yowongoka, ndipo woyamba kumene alibe zonse ziwirizi. Komanso yoyo yachitsulo imalemera magalamu 60 mpaka 70, ikabwera mosayembekezereka n'kugunda pa mfundo za zala mumamva bwinobwino.

Yambani ndi chingwe, chifukwa zingwe zambiri zimabwera zazitali mopitirira. Ikani yoyo pansi pakati pa mapazi, kokerani chingwe m'mwamba, pindani pamwamba pang'ono pa mchombo, mangani mfundo yosiya kadiso, n'kudula chotsalacho. Kadisoko musalowetsemo chala. Kankhirani chingwe mkati mwake kuti papangike khwekhwe lothina lokha, ndipo khwekhwelo likhale pa chala chapakati, pakati pa mfundo yoyamba ndi yachiwiri, osati kutsinde ngati mphete.

Kenako kuponya, ndipo apa mpomwe pagona masewera onsewa. Gwirani yoyo chikhatho chikuyang'ana kumwamba, chingwe chichoke pa chala n'kudutsa pamwamba pa yoyo, osati pansi pake. Pindani mkono kuti dzanja lifike pafupi ndi phewa, kenako uwongoleni msangamsanga, yoyo igubuduke kuchoka kunsonga za zala. Liwiro lenileni limachokera pa kukhwatchula kwa dzanja pamapeto, osati paphewa. Ikafika pansi, tembenuzani chikhatho chiyang'ane pansi, dzanja likhale chete. Yoyo ikamazungulira kumapeto kwa chingwe osakwera, imeneyo ndi sleeper. Kugwedeza pang'ono kokha n'kokwanira kuti responsive ibwere.

Ikamapendekeka, vuto ndi dzanja lomwe linapotoka poponya. Yoyo yopendekeka imakhula chingwe ndi khoma lake lamkati, liwiro limatha, kenako imayamba kuzungulira chammbali n'kufa. Imani pamwamba pa mzere wowongoka uliwonse wa pansi, muziponya motsatira mzerewo, chigongono chili pafupi ndi nthiti. Ikamadumpha n'kubwera yokha musanaiitane, ndiye kuti mwagwedeza dzanja pamene imafika pansi, kapena chingwe chathina kwambiri pa bering'i.

Sleeper imatheka chifukwa chingwe sichimangidwa pa ekiselo koma chimangoizinga. Kamangidwe kameneka kanafala ndi Pedro Flores, wa ku Philippines, amene anatsegula fakitale ya yoyo ku Santa Barbara, California, mu 1928, Donald Duncan asanagule bizinesiyo. Ndiye chingwe cha yoyo kwenikweni ndi ulusi umodzi wopindidwa pawiri n'kupotedwa, ndipo apa mpomwe pachokera vuto lanu lachiwiri lija la kupotana kwa chingwe. Nthawi iliyonse mukaponya, mumawonjezera kapena kuchotsa kupota pang'ono. Kwa woponya ndi dzanja lamanja chingwe chimanka chithina, kwa wamanzere chimanka chimasuka. Kuti mudziwe pomwe chili, nyamulani yoyo muiyandikizitse ku dzanja loponyera. Chingwe chabwino chimalendewera momasuka, chothina chimadzipota chokha nthawi yomweyo. Chotsani khwekhwe pa chala, gwirani yoyo m'mwamba kuti chingwe chilendewere, n'kuchisisita ndi zala kuyambira pa yoyo kutsika mmunsi. Zimatha m'masekondi ochepa, koma oyamba ambiri sachita, n'kumanamizira yoyo.

Zingwe gulani zambiri nthawi imodzi, za poliyesita. Za thonje zimayenera yoyo zakale za ekiselo yamtengo, poti poliyesita imatha kusungunuka ndi kutentha kwa kukhulana. Chingwe chikada, chikauma kapena chikayamba kutuluka tiubweya, sinthani. Nthawi zambiri chimadukira pa bering'i kapena pa chala, ndipo yoyo imapita komwe yafuna, kaya ndi pa galasi kaya pa nkhope ya mnzanu.

Sleeper yanu ikamatha masekondi 15 kapena 20 yosapendekeka, phunzirani masitayelo a walk the dog (kuyendetsa yoyo pansi ikuzungulira) ndi rock the baby (kuilendewetsa mkati mwa chingwe chopindidwa makona atatu) kuti zala zizolowere, koma musachedwepo. Chofunika kwambiri ndi breakaway, kuponyera yoyo chammbali kuti idutse patsogolo panu, chifukwa ndi yomwe imabala trapeze, pamene yoyo imazungulira chala cha dzanja linalo n'kutera pa chingwe. Masitayelo ambiri a 1A, gulu la yoyo imodzi ndi chingwe chimodzi, amayambira pamenepo. Pa trapeze, chala chikhale pafupi ndi yoyo, chifukwa chikatalikira mumaphonya mpata.

Tsopano tulutsani yachitsulo ija kuti muphunzire bind. Ponyani sleeper yamphamvu, zingani chingwe pansi pa yoyo kuti ikhale pa chingwe, chala cholozera cha dzanja linalo chitanyamula chingwe chopindikacho. Tsitsani chalacho kulowera ku mpata uku mukukweza dzanja loponyera, ndipo mukamva kuti chagwira, chotsani chala. Chingwe chilowe motsatira komwe yoyo ikuzungulirira, kuti yoyoyo ichikoke yokha. Mukalowetsa mbali yolakwika kapena mukasiya chopindikacho chili chachitali, mkati mumapangika mfundo, ndipo poponya kotsatira yoyo imabwerera kumaso. Mukakayika, itsitseni pang'onopang'ono kaye. Ikafera pansi, pokulunga chingwe chimangotsetsereka pa bering'i. Ikani chala pamwamba pa mpata, zungulizani kamodzi pamwamba pa chalacho, kawiri kapena katatu pansi pake, chotsani chala n'kumaliza.

Bering'i ikayamba kulira ngati muli mchenga, kapena yoyo ikayamba kubwera yokha, yada. Masulani yoyo, chotsani bering'i ndi pulayala mofatsa, iviikeni mu asetoni, mankhwala osungunula mafuta, kwa mphindi zingapo kutali ndi moto, iume, kenako ikanimo kadontho ka mafuta opepuka a yoyo kotengedwa ndi nsonga ya singano. Mafuta akachuluka imasanduka responsive. Asetoni asakhudze pulasitiki chifukwa amaiwononga. Bind ikayamba kutsetsereka chingwe chili chatsopano, timphira tatha, ndipo yoyo zambiri zimalowa ta mamilimita 19.

Pomanganso, onetsetsani kuti chingwe sichinapanike pakati pa bering'i ndi mbali ya yoyo. Zungulizani mofatsa, ndipo mukamva kulimba musanafike kumapeto, bwererani muyambirenso. Ekiselo ndi yolimba kuposa aluminiyamu, ndiye mukakakamiza imadya mazinga a mkati, ndipo yoyo yotero imanjenjemera kapena kumasuka yokha ili m'malere.