Makina sanafe, ndi dothi la ku Joni

Achimwene, mwati detector yanu yofufuzira zitsulo pansi ikungolira paliponse mukaiyendetsa ku Rosettenville kuno ku Joni, moti mukufuna kuibweza kushopu. Dikirani kaye. Dothi lofiira la kuno lili ndi chitsulo chambiri, ndiye makinawo akulimva ngati chinthu chokwiririka.

Yambani ndi ground balance, kutchera makina kuti asamalire chifukwa cha dothi lenilenilo. Pezani pamalo popanda msomali kapena chitsekerero cha botolo, dinani batani lake, muzikweza ndi kutsitsa koyilo (chimbale cha kumunsi kwa makinawo) mpaka phokoso litakhazikika. Mukachoka pakapinga kupita padothi lofiira, bwerezani. Kukagwa mvula, bwerezaninso.

Kenako sensitivity, mphamvu ya kamvedwe ka makina. Tonsefe timayamba ndi kuikweza mpaka kumapeto poganiza kuti tifika pansi kwambiri. Ine ndinatha Loweruka lathunthu ndikukumba timiyala takuda tolira ngati ndalama, mawondo ali psuu ndi dothi, m'thumba muli misomali iwiri basi. Itsitseni pang'onopang'ono mpaka makina asiye kulongolola. Mukamamva "tiki, tiki" sekondi iliyonse, ameneyo ndi waya wamagetsi wa pampanda wa aneba. Chitani noise cancel (batani lochotsa phokoso la magetsi) kapena sunthani. Magetsi akazima makinawa amakhala phee, mwina ubwino wa load shedding ndi wokhawo.

Pa discrimination, pouza makina zitsulo zoti azizikana, m'pamene ambiri amadzimana. Ma 10c, 20c ndi 50c a masiku ano ndi chitsulo chongokutira kunja, choncho mukakana chitsulo chonse azilira moduladula kapena osamveka n'komwe. Mphete yagolide nayo imaonetsa manambala ofanana ndi a foyilo ndi totsegulira zitini. Wodana ndi kukumba zinyalala mphete sadzaiona. Ngati makina anu amasintha frequency, 5 kHz imamva bwino siliva, monga tickey, kandalama ka mapeni atatu ka kale isanabwere randi mu 1961. Pa 20 kapena 40 kHz mumagwira titcheni ndi ndolo, koma dothi lofiira limasokosanso kwambiri. Pamenepo ndimangoika Multi, yomwe imagwiritsa ntchito ma frequency angapo nthawi imodzi.

Za golide wa m'migodi iwalani. Amene anapezeka ku Langlaagte kuno ku Joni mu 1886 ndi timbewu tosaoneka ndi maso tomwazika m'mwala, koyilo singatimve. Kumilu ya migodiko kuli ma zama zama, anthu okumba golide mozemba lamulo, ndipo kusunga golide wosayenga popanda chilolezo ndi mlandu. M'mapaki pemphani kaye chilolezo, dzenje lililonse mukwirire, ndipo mukatola chinthu chopitirira zaka 100 musathamangire nacho pa Facebook, dziwitsani a SAHRA, bungwe la boma loteteza zinthu zakale.