Kodi jakisoni wochititsa dzanzi angaimitse mtima?

Mayi wina wandilembera imelo. Amuna awo akukachitidwa opaleshoni ya mkono, ndipo madokotala anena kuti sadzawagoneka, adzangowabaya jakisoni wochititsa dzanzi. Mayiwa anamva kuti jakisoni ameneyu amatha kuimitsa mtima, ndiye akufunsa ngati n'zoona.

N'zoona, mayi, koma zimachitika mwa apo ndi apo, ndipo chithandizo chake chilipo.

Mankhwala monga lidocaine ndi bupivacaine amatseka tinjira todutsa mchere wa sodium m'mitsempha kuti uthenga wa ululu usafike ku ubongo. Tsono mtima nawo umagunda podalira tinjira tomweto. Singano ikaphonya n'kulowa mumtsempha wa magazi, kapena mlingo ukapitirira, mankhwalawo amakafika ku ubongo ndi kumtima. Woopsa kwambiri ndi bupivacaine, chifukwa akagwira mtima sausiya msanga. Dokotala George Albright anachenjeza za zimenezi mu 1979.

Nthawi zina thupi limayamba lachenjeza. Milomo ndi lilime zimachita dzanzi, m'kamwa mumamveka ngati mwanyambita chitsulo, m'makutu mumalira, chizungulire chimabwera. Kenako munthu amatha kugwidwa khunyu, mtima n'kuyamba kugunda mosalongosoka. Apa ndiye ndikukupemphani: mukawauze bambo kuti akamva chilichonse mwa izi anene pompo. Asachite manyazi poganiza kuti akuvutitsa adokotala.

Zikatere madokotala amasiya kubaya, amapereka okosijeni, khunyulo amaliletsa ndi mankhwala monga midazolam. Kenako pamabwera chinthu chimene ine chimandigometsabe: mafuta oyera mbuu otchedwa lipid emulsion, omwe ntchito yake yakale ndi kudyetsa odwala kudzera m'diripi. Mu 1998 dokotala Guy Weinberg anaonetsa pa makoswe kuti mafutawa amateteza mtima ku bupivacaine, ndipo mu 2006 kunalembedwa za wodwala woyamba amene anapulumuka nawo mtima wake utaima. Amalowetsa mumtsempha mamililita 1.5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi m'mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako amapitiriza ndi diripi. Mafutawo amayamwa mankhwala aja n'kuwachotsa kumtima.

Mtima ukaima, amapopa pachifuwa nthawi yaitali osataya mtima msanga, mankhwala odzutsa mtima otchedwa adrenaline amapereka ochepa kusiyana ndi masiku onse, ndipo lidocaine sayerekeza n'komwe kuwonjezera popeza nayenso ndi wochititsa dzanzi.

Tsiku la opaleshoni lisanafike, bambo awauze adokotala ngati ali ndi vuto la mtima, chiwindi kapena impso, ndiponso mankhwala onse amene akumwa. Afunsenso, mosaopa, ngati mafuta aja adzakhala pafupi m'chipindamo.