Kodi akayamba kutsukidwa magazi ndiye kuti mpaka kale?

Mayi wina wa ku Chilomoni watilembera kuti amuna awo agonekedwa ndi malungo aakulu, mkodzo wasiya kutuluka, ndipo madokotala akuti magazi atsukidwe pa makina a dialysis. Akuchimuna akukana, ati munthu akangoyamba makina amenewa sasiyanso. Ndiye akufunsa kuti avomere kapena ayi.

Mayi, vomerani. Akuchimunawo akusokoneza matenda awiri. Pali impso zofa pang'onopang'ono chifukwa cha shuga kapena BP, ndipo wodwala wotere nthawi zambiri ndi wa makina moyo wonse. Koma impso zoima mwadzidzidzi chifukwa cha malungo, kolera, kutaya magazi pobereka kapena mankhwala azitsamba, nthawi zambiri zimadzukanso pakapita masiku kapena masabata angapo. Makina sachiritsa impso, amangozigwirira ntchito kuti munthu asafe zisanadzuke.

Chimene madokotala amaopa kwambiri ndi mchere wa potaziyamu. Ukapitirira 6.5 m'magazi mtima ungathe kuima munthu akucheza bwinobwino. China ndi madzi odzadza m'mapapo, wodwala n'kumabanika ngakhale ali pa okosijeni.

Zimayenda chonchi. Amayamba ayeza magazi kuona hepatitis B, C ndi HIV, kenaka amalowetsa kapaipi ka njira ziwiri mu mtsempha waukulu wa pakhosi kapena m'mphechepeche. Njira imodzi imatulutsa magazi, pafupifupi mamililita 200 mpaka 300 pa mphindi, kupita mu sefa yodzadza timapaipi tonga tsitsi. Kunja kwa timapaipito kumayenda madzi oyeretsedwa amene amakoka zoipa, magazi n'kubwerera m'thupi pa njira inayo. Sachotsa magazi n'kuika ena ayi, ndi omwewo akuzungulira, ndipo amene amakhala kunja pa nthawi imodzi ndi ngati kapu imodzi basi. Ulendo wa maola anayi umadya madzi okwana malita 120, n'chifukwa chake makinawa saikidwa paliponse. Kuno ku Blantyre m'zipatala za boma ali ku Gulupu, ku Queens.

Tsiku loyamba musadabwe akawachotsa patangotha maola awiri. Ndi dala. Zoipa zikachoka mothamanga ubongo umatupa, munthu amasanza, mutu kuwawa, mwinanso kukomoka. Vuto lofala ndi kutsika kwa BP pamene makina akukoka madzi, ndipo anamwino amachepetsa liwiro. Nthawi zina magazi amaundana mu sefa, ndiye amathirako heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, koma kwa wodwala amene akutaya kale magazi mankhwalawa amachepetsedwa kapena kusiyidwa.

Mbali yanu monga gadiyani ndi yaikulu kuposa momwe mukuganizira. Kapaipi kaja kasanyowe posambitsa ndipo kasagwidwegwidwe, chifukwa majeremusi akalowa pamenepo apita m'magazi mwachindunji. Wodwala akayamba kunjenjemera kapena kutentha thupi, itanani namwino pompo. Alendo obwera ndi nthochi, mapeyala ndi mbatata muwathokoze, koma zidyeni nokha, muli potaziyamu wambiri. Thobwa ndi madzi amwe mlingo umene auzidwa. Bulufeni, diclofenac ndi botolo la kwa asing'anga zisafike pabedi.

Ndipo muziyang'ana thumba la mkodzo. Munthu wa makilo 60 amafunika kutulutsa mamililita osachepera 30 pa ola. Ukayamba kuchuluka tsiku ndi tsiku, ndi chizindikiro choti impso zayamba kudzuka, ndipo adokotala adzayang'ana creatinine, imodzi mwa zoipa zimene impso zimachotsa m'magazi, kuti aone ngati angatalikitse masiku a makina kapena kuwasiyitsa. Akatuluka, apitebe kukayezetsa impso pakatha miyezi itatu.